A Benedicta ndi Galimoto Imene Achibale Anaikana

Ku Sadzi mukafunsa za mayi Benedicta Mulaviwa, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mukangoti "anesi aja a galimoto yobiriwira," ngakhale wakabaza wongobwera kumene kuchokera ku Jali amakulozerani kanjira ka miyala kokwera kwawo.

Anabadwira ku Mayaka mu 1957. Bambo awo anali katekisiti, munthu wokhulupirira ndi mtima wonse kuti sukulu ndi ya ana aamuna. Mulungu, amene mwina sankatsatira bwino maphunziro a katekisitiyo, anawapatsa ana aakazi okhaokha asanu. Motero Benedicta anaphunzira chifukwa chosowa wina woti aphunzire, ndipo anadzakhala namwino. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, zambiri mwa izo m'chipinda chofikira anthu angozi pachipatala chachikulu cha m'tauni muno. Ogwa m'mitengo ya mango, ogundidwa ndi maminibasi, okhapana ndi zikwanje chifukwa cha mzere umodzi wa chinangwa, onsewo ankadutsa m'manja mwawo. Sankadziwika ndi mawu otsekemera ayi. Ankadziwika ndi kasokedwe, moti ku Chinamwali alipo madoda amene mpaka lero akakuonetsani chipsera amati, "Apa ndi a Mulaviwa. Anandikalipira, koma bala silinachite mafinya."

Amuna awo, a Philip, anali kalaliki wa za nkhalango kuphiri. Anali munthu wofatsa, wosalawa mowa, woimba besi mu kwaya ya tchalitchi. Amayi ena ankawasirira a Benedicta kuti anapeza mwamuna wosayendayenda. Sankadziwa kuti mkazi mnzawo analipo ndithu, kungoti anali wa matayala anayi, ndipo ankagona pakhomo pomwepo. Inali galimoto ya dizilo imene a Philip anagula mu 1998 kwa mzungu wina wa mishoni amene ankabwerera kwawo. Inali nkhalamba kale tsiku limene inafika. Ikalira, anthu ongodutsa ankafunsa ngati ku Sadzi kwatsegulidwa chigayo china.

Loweruka lililonse a Philip ankayala katoni n'kulowa pansi pake, kunja n'kutsala miyendo yokha. Akatulukamo ankatsegula boneti n'kumanga bawuti aliyense amene sipanala inkamufikira, womasuka ndi wosamasuka yemwe. Kumeneko ndiko ankati kusamala galimoto. Ndipo galimotoyo inkathokoza podontha oyilo. Poyamba pansi pake ankaikapo kambale, kenako mbale, pomaliza beseni.

"Bambo, kodi imeneyi sikuti yavulala penapake?" a Benedicta ankafunsa.

"Dizilo ikasiya kudontha, mayi, dziwani kuti oyilo watha," ankayankha a Philip. "Ndi silu ya kumbuyo kwa injini, kamphira kotseka kuti oyilo asatuluke. Imafuna kutsitsa giyabokosi. Tidzachita mvula ikatha."

Mvula inatha kakhumi n'kasanu n'kanayi, giyabokosi ili pomwepo.

A Benedicta anali nayo layisensi. Anaitenga nthawi imene ankayendera tizipatala ta m'midzi, ndipo ankaikonzetsanso ikatha, mokhulupirika ngati chiphaso cha ubatizo. Koma chiwongolero cha galimoto ya pakhomo pawo sanachigwirepo. "Iyi ili ndi khalidwe lake," a Philip ankatero mwachikondi, "imafuna woidziwa."

A Philip anamwalira mu Julaye 2020, atagwa ndi sitiroko pochokera ku Misa. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku Joni, ndipo malire anali otseka chifukwa cha mliri. Achibale a malemu ochokera ku Phalombe ndiwo anabwera, ndi chisoni chachikulu moti chinafunika lole. Wowatsogolera anali a Macdonald, mng'ono wa a Philip, amene pa moyo wonse wa akulu awo anafikako ku Sadzi kanayi, kanayi konseko pa nthawi ya nkhomaliro. Analira kuposa aliyense. Atapukuta misozi, maso awo anayamba kuona bwino kwambiri: anaona firiji, wailesi yakanema, mipando ya pabalaza, makina osokera, mpaka masuti a m'kabati.

"Tikakusungirani, alamu," anatero. "Kutauni kuno akuba ndi ambiri."

A Benedicta anavomereza kuti sabata imeneyo analidi ambiri. Mphamvu zokangana analibe. Nyumba inapulumuka chifukwa inali m'dzina lawo, komanso chifukwa pa lole siikadakwanapo.

Chomaliza chinali galimoto. A Macdonald analandira makiyi ndi manja awiri, naliza injini, nayenda mpaka pageti. Pamenepo kanyali kofiira ka oyilo kanayaka. Atatsika anaona mzere wakuda kuchokera pansi pa mtengo wa mango mpaka pamene anaima. Dalaivala wa lole anasuzumira pansi, napukusa mutu.

"Bwana, iyi ngakhale pa Matawale simufika nayo."

A Macdonald anaganiza pang'ono. Kenako anaitana ankhoswe ndi aneba amene anali asanabalalike, nakonza pakhosi. "Ife kwathu," anatero, "si anthu olanda katundu wa amasiye. Galimoto iyi tikuwasiyira alamu athu, kuti azikumbukira nayo malemu." Ena anawomba m'manja. Anyamata anaikankha kuibwezera pansi pa mango, ndipo lole inanyamuka.

Inakhala pamenepo zaka ziwiri. Matayala anaphwa, masamba anadzaza pa boneti, ndipo nkhuku zinapeza kuti pa zenera losatsekeka bwino lija pali njira yolowera ku mpando wakumbuyo. A Benedicta sankaikonda, sankaida. Ankaizungulira popita kukayanika zovala monga mmene munthu amazungulirira chulu.

Mu Seputembala 2022 a Macdonald anatulukiranso, ali ndi munthu wina wogula zitsulo zakutha, amene asanapereke n'moni womwe anayamba kale kugogoda zitseko za galimoto.

"Tabwera kudzakuthandizani, alamu. Tikuchotsereni chinyalala ichi, pabwalo papite mphepo."

"Si chinyalala," anatero a Benedicta. "Ndimaigwiritsa ntchito."

Nthawi yomweyo thadzi linatulukira pa zenera likutetera. A Macdonald analiyang'ana mpaka linatera pansi.

"Ntchito yake iti, alamu? Ya khola?"

"Imayenda. Yangopumako."

"Ooh, imayenda! Chabwino. Tibweranso mvula ikamayamba, mudzatiyendetseko."

Alendo atachoka, a Benedicta anakhala pakhonde. Anazindikira kuti anama, bodza loyera, masana dzuwa likuswa mtengo. Kwa mwana wa katekisiti njira zinalipo ziwiri: kukalapa, kapena kulisandutsa bodzalo kukhala zoona. Koma bambo mfumu wa parishi yawo anali munthu amene iwo anamusoka pachipumi ali mu Sitandade 4, akulira ndi mamina omwe. Kukamugwadira ameneyo chifukwa cha a Macdonald sikunawakomere. Anasankha galimoto.

Mbiri itamveka kuti anesi akufuna kudzutsa galimoto ya malemu, akatswiri anabwera osaitanidwa. Zomba sasowa akatswiri. Woyamba anali makaniko wina wa m'tauni, amene anagunditsa sikuludalaiva pa injini, mbali inayo naika kukhutu, namvetsera kwa nthawi yaitali ndi nkhope ya dokotala. Injiniyo n'kuti isanalire kwa zaka ziwiri. "Yatha iyi," anagamula, "yofunika kuitsitsa yonse." Neba wina, mphunzitsi wopuma amene pa moyo wake anakhalapo ndi njinga yakapalasa yokha, analangiza zothira oyilo wolimba ngati phala kuti asowe potulukira. Mayi wina wa mapemphero analota kuti malemu sakufuna kuti galimotoyo isunthe. A Benedicta anamuuza kuti akalotanso awafunse malemuwo kumene anasiya sipanala ya nambala teni.

Pomaliza anatumiza mawu kwa che Bashir a ku Chinamwali. Anali bambo wamfupi wa zaka za m'ma fifite, wovala kofiya ndi ovololo yosadziwikanso mtundu, wosafulumira kuyankhula ndiponso wosafulumira china chilichonse. Pachikhatho chawo chamanja panali chipsera chachitali, chosokedwa mwaudongo. Anafika pa njinga yamoto, nazungulira galimotoyo kawiri, nati, "Tione." Kwa masiku atatu anakhetsa dizilo wakale, anasintha mafyuluta, anathira oyilo watsopano, anapopa matayala, nabweretsa batire lina. Tsiku lachitatu injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inabangula. Utsi wakuda unaphimba zovala za aneba pa chingwe, nkhuku zinathawira kuseri kwa bafa. A Benedicta anaimirira chilili manja ali pakamwa, chifukwa phokosolo linali la Loweruka lililonse la ukwati wawo.

Pasanathe mphindi khumi, pansi panamveka kuti tho. Kenako tho, tho.

Che Bashir anagona chagada, nasuzumira, nadzuka akupukuta manja. "Silu ya kumbuyo, mayi. Titsitsa giyabokosi."

A Benedicta anawayang'ana ngati amva mawu ochokera kumanda. "Mwaiona siluyo?"

"Siioneka. Ili m'kati, pakati pa injini ndi giyabokosi."

"Ndiye mwadziwa bwanji?"

"Oyilo akudonthera pamenepo. Mayi, ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi atatu."

"Che Bashir, tsiku lija munabwera kuchipatala mutakweza dzanja m'mwamba, magazi ankadontha pati?"

Makaniko anaganiza. "Pachigongono."

"Ndinasoka chigongono?"

Che Bashir anayang'ana chikhatho chawo.

"Ndinayamba ndakusambitsani. Munthu sitimusoka tisanaone bala. Iyinso tiisambitsa."

Injiniyo inali itavala chikhakha cha oyilo ndi fumbi la zaka makumi awiri, chochindikala ngati makoko a mumphika. M'mawa mwake a Benedicta anavala epuloni yawo yakale ndi magolovesi, natenga palafini, burashi ndi mswachi wotha ntchito. Che Bashir anakulunga majumbo pa zamagetsi zonse ndi polowera mpweya kuti pasalowe madzi, kenako anakhala pa njerwa ndi kapu ya tiyi, kunena kuti chibadwire sanaonepo injini ikusambitsidwa ngati mkwatibwi. A Benedicta anakwecha pamwamba, m'mbali, kuseri kumene dzanja limalowa mopendeka, ndipo anagona pa katoni n'kukwecha pansi pomwe, mawondo akulira. Atatha ndi palafini anatsuka ndi sopo wa ufa ndi madzi ofunda. Ntchitoyo inatenga masiku awiri. Pamapeto pake panadziwika kuti injiniyo inapentedwa buluu, chinthu chimene ngakhale malemu, amene ankaidziwa khalidwe lake, mwina anafa asakuchidziwa.

Anaisiya tsiku lathunthu boneti ili yotsegula kuti iume, iwo napita kugolosale kukagula paudala wa ana.

"Zabwino zonse, amayi!" anatero wa m'golosale. "Mdzukulu ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

"Ndi wa dizilo," anayankha a Benedicta.

Anawaza paudala injini yonse, makamaka kuseri ndi m'munsi, mpaka inayera mbuu ngati wovina wodzola ufa. Aneba anadzaza kumpanda. Mphunzitsi wopuma uja ankafotokozera anzake mokweza kuti chisoni chikakhalitsa chimasokoneza mutu.

"Ilizeni, che Bashir," anatero a Benedicta.

Injini inalira. Mphindi zisanu, palibe kanthu. Mphindi khumi, aneba ena anatopa n'kumapita. A Benedicta anali atatsamira pa galimotoyo, tochi kudzanja lina, kudzanja linalo kagalasi ka m'chikwama kamene anakalowetsa kuseri kwa injini. Anadikirapo odwala ambiri kuti atsegule maso, choncho kudikira sikunali kwachilendo. Kenako m'kagalasimo munaoneka kamzere kakuda, kowonda ngati ulusi, kakudula pakati pa paudala woyera.

"Che Bashir, tabwerani."

Kamzereko sikankachokera pansi. Kankayambira pamwamba penipeni, pakona ya kumbuyo ya chivindikiro cha injini chimene amakaniko amati tapeti kava. Kuchoka apo kankatsetsereka kuseri, kumene diso silifika, mpaka kukathera polumikizira giyabokosi, pamene paja pankadonthera. Che Bashir anayang'ana nthawi yaitali. Kenako, monga achitira makaniko aliyense wa ulemu wake, ananena kuti iwonso maganizo amenewo anali nawo.

Injini itazizira anayamba kumasula chivindikirocho. Mabawuti ake, amene amayenera kumasuka ndi dzanja limodzi, anafunika kuwonjezera paipi pa sipanala. Chitachoka, m'mphepete mwake munali mopindikapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe. Gasiketi, kamphira kamene kamatseka pakati pa chivindikiro ndi injini, inali itauma gwa, ikuthetheka ngati chigumu cha sabata yatha, ndipo pamwamba pake panali silikoni womatira wa mitundu itatu.

"Ankamanga izi ndani?" anafunsa che Bashir.

"Katswiri wina," anatero a Benedicta.

"Mabawuti awa safuna mphamvu. Ukamangitsa, chitsulo chimapindika, oyilo n'kupeza mpata. Ukaona oyilo n'kumangitsanso, mpata umakula." Anasolola kapaipi kakuda kochokera pa chivindikirocho. "Koma tione ichinso. Injini imapuma, mayi, ngati munthu. Mpweya wa m'kati umatulukira umu." Anakapukuta, nakauzira. Masaya anatupa, koma mpweya sunadutse. Anauziranso, maso anafiira. Anatenga kawaya, nakapinda kunsonga, nayamba kukokera. Munatuluka chinthu chakuda, cholimba, chachitali ngati chala.

"Nsanza," anatero. "Alipo anthu amatseka dala, eti chifukwa mumatuluka kautsi konunkha. Ndiye mpweya ukasowa njira umakankha oyilo paliponse pofooka. Mukanasintha gasiketi kakhumi, ikanaphulikabe."

A Benedicta anatenga nsanzayo, naiviika m'palafini wotsala, naifunyulula pang'onopang'ono. Mwakudamo munayamba kuoneka buluu, kenako mbali ya mtanda ndi zilembo zitatu. Inali nsalu ya chikondwerero cha parishi cha mu 2001. Anaizindikira nthawi yomweyo, chifukwa chitenje chimenecho chinasowa atangochivala kawiri, ndipo iwo anakhala chaka chathunthu osapereka moni kwa mayi wina woyandikana nawo, amene ankakonda kudutsa pafupi ndi chingwe choyanikira.

Kenako anakumbukira chinanso. Chaka chomwecho, pa ulendo wa ku Mayaka, iwo anadandaula kuti fungo la utsi m'galimotomo likuwachititsa nseru. Anadandaula kamodzi kokha. A Philip anati, "Musadandaule mayi, ndikonza." Loweruka lotsatira fungolo linatha, ndipo a Philip anayenda sabata yonse ngati munthu amene wapambana mayeso. Mwezi wotsatira ndi pamene kambale kanalowa pansi pa galimoto.

Anakhala pa njerwa ija nsanza ili m'manja. Anayamba n'kuseka: zaka khumi n'zisanu n'zinayi za beseni, chitenje chatsopano chong'ambidwa mobisa, mayi wosalakwa wodedwa chaka chonse, zonsezo kuti mkazi asamve fungo. Kusekako kunapitirira mpaka kunasanduka china. Pa maliro paja sanalire bwino, popeza diso limodzi linali pa mipando imene inkatuluka pakhomo. Analira tsiku limenelo, ndi magolovesi akuda ali m'manja. Che Bashir anatembenuka nayamba kupukuta masipanala awo imodziimodzi, ngakhale amene sanagwire ntchito.

Gasiketi ya galimoto ya msinkhu umenewo sinapezeke m'Zomba monse. Sitolo iliyonse inali ndi yankho limodzi, loti ifika mawa kuchokera ku Limbe, ndipo mawa lakelo linkasunthira kutsogolo tsiku ndi tsiku. Che Bashir anatopa nabweretsa chipepala chochindikala chodulira magasiketi. Anayamba awongola chivindikiro pa thabwa ndi kahamala, akumenya pang'onopang'ono n'kumayeza ndi rula mpaka mphepete monse munagona mofanana. Kenako a Benedicta anachiika pa chipepalacho, nalemba mozungulira ndi pensulo, nadula ndi sizasi yawo yokhota imene anapuma nayo pantchito. Mabowo a mabawuti anaboola ndi kachitsulo kakuthwa. Makaniko anaitembenuza gasiketiyo uku ndi uku kufuna polakwika, ndipo atasowa anati pensuloyo inali yabwino.

Anapala silikoni yense wakale, napukuta pokhalira pake mpaka kuuma, naika kapaipi kopumira katsopano. Pomanga, che Bashir anawapatsa a Benedicta sipanala.

"Yambani apakati, muzidumphira mbali iyi ndi iyo, kupita kunja. Pang'onopang'ono. Ikangogwira, siyani."

"Ngati bandeji."

"Kaya bandeji, kaya chiyani, bola osati ngati katswiri uja."

Mapepala a galimoto atakonzedwa, ndiponso a Benedicta atazungulira bwalo la mpira masana angapo mpaka phazi litakumbukira kilatchi, anagwirizana zokaiyesa kuphiri. Che Bashir anati injini imene yakwera Zomba osadontha ndiye kuti yachira. Ananyamuka Loweruka m'mawa, mu Okutobala, a Benedicta ali pa chiwongolero. Msewu wa kuphiri ndi wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Galimoto inakwera pa giya yachiwiri ikubuula, ikupatukira amayi otsika ndi mitolo yaitali ya nkhuni ndi abambo okankha njinga zodzaza matabwa. Pa kona iliyonse a Benedicta ankaliza hutala kawiri. Che Bashir anagwiritsa chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda, ndipo atafunsidwa anati akungowerenga makona.

Anaima pafupi ndi damu la Mulunguzi. A Benedicta anayala nyuzipepala pansi pa injini, nagula masitiroberi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, ndipo awiriwo anakhala pa mwala n'kumadya, maso ali pansi pa galimoto. Pamwamba pa injini panali pouma. Kuseri, kagalasi kanaonetsa pouma. Patatha theka la ola, pa nyuzipepala panagwa dontho limodzi, kuchokera polumikizira giyabokosi.

Nkhope ya che Bashir inawala ngati pa tsiku la Idi. "Silu ya kumbuyo! Ndinanena ine!"

"Dontho limodzi, che Bashir."

"Limodzi kapena khumi, ndi silu basi."

"Galimoto iyi ili ndi zaka makumi anayi. Kuchipatala wodwala wa msinkhu umenewo akamadontha kamodzi pa theka la ola, timamutulutsa n'kumuuza kuti wachira."

Anagwirizana kuti onse awiri ananena zoona, ngakhale aliyense mumtima ankadziwa amene ananena zoona kwambiri. Giyabokosi sinatsitsidwe.

A Macdonald anasunga lonjezo. Anafika mu Novembala, tsiku la mvula yoyamba, okha, atavala suti yotuwa imene manja ake ankawapitirira zala. Mbiri inali itawapeza kale ku Phalombe. Anaizungulira galimotoyo, nasuzumira pansi, nakhala pa mpando wa pulasitiki pabalaza.

"Alamu, ife monga banja tinakhala pansi. Taona kuti chinthu ngati ichi n'cholemetsa kwa munthu wamayi, makamaka pa msinkhu wanu. Komanso ndi dzina la malemu. Chiyenera kukhala kumtundu."

"Alamu," anatero a Benedicta, "mawu anu aja anandigwira mtima, moti sindinawaiwale. Munati kwanu si anthu olanda katundu wa amasiye. Ankhoswe analipo, aneba analipo, anthu anawomba m'manja. Ine sindingalole kuti munthu wolemekezeka ngati inu aoneke wabodza chifukwa cha chinyalala. N'chifukwa chake ndinafulumira kukailembetsa galimotoyo m'dzina langa, kuti mawu anu asagwe pansi."

A Macdonald ananyamula kapu yawo. Anamwa tiyi yense, nadya mbatata zonse za m'mbale. Pofuna kutsanzika, mvula inali itakula, ndipo kanjira ka miyala kaja kanali katasanduka mtsinje.

"Ndikuperekezeni kudepoti," anatero a Benedicta.

Munthu wina akanakana. A Macdonald anayang'ana mvula, nayang'ana nsapato zawo, nakwera. Njira yonse ankalangiza posinthira magiya.

Lero a Benedicta ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, ndipo galimotoyo imayendabe. Imapita ku Misa, kumsika, ndi kuchipatala ikakhala ndi neba woti aperekezedwe. Kubwerera m'mbuyo sanakuzolowere mpaka pano, moti amaimika pokhapokha pamene angachoke chakutsogolo, ngakhale kutakhala kutali ndi kumene akupita. Lolemba lililonse amasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kukapukuta, n'kukabwezera. Sipanala saigwira popanda chifukwa.

Chaka chatha mu Juni anapita ku Mayaka kukatenga a Ellah, mkulu wawo woyamba kubadwa, amene sukulu inawadutsa chifukwa pa nthawiyo katekisiti anali akuyembekezabe mwana wamwamuna. A Ellah anakhala zaka makumi asanu ndi awiri akuliona phiri la Zomba chapatali ali kumunda, osalikwerapo. A Benedicta anaganiza kuti chimenechi n'chinthu choyenera kukonzedwa. Anawakweza kutsogolo, nawamanga lamba, nawatengera pamwamba penipeni, pamalo pamene alendo ochokera kunja amaima n'kumajambula. Kunja kunali kowala. Tauni yonse inali pansi pawo, madenga akunyezimira, ndipo kutali kunkaoneka nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje.

"Achemwali, taonani. Kwathu ndi uko."

A Ellah anadzikulunga m'zitenje ziwiri, nayang'ana kumene chala chinaloza, nayang'ananso mitengo ya paini imene inawazungulira.

"Iwe Bene, ndiye azungu amachoka kwawo konse kuja kudzaona zimenezi?"

"Eya."

"Kuzizira chonchi? Nanga mitengo yonseyi, palibe ndi umodzi womwe wobala chakudya?"

"Ndi ya matabwa, achemwali."

A Ellah anapukusa mutu, nabwerera m'galimoto, natseka chitseko. Patapita kanthawi anatsitsa zenera pang'ono n'kufunsa ngati pobwerera angadzere kumsika, chifukwa anamva kuti ku Zomba kumapezeka mbewu yabwino ya anyezi.